KUGONEKA ALENDO PA CHIA: ZIMENE MALAMULO AFUNA KWA MWINI NYUMBA

Aliyense woyenda pa msewu wa M5 kuchokera ku Salima kunka ku Nkhotakota adziwa pa mlatho wa Chia. Pamenepo galimoto zimaima, anthu natsika kukagula chambo, kampango ndi mlamba zongovuulidwa kumene. Chakumadzulo kwa mlathowo kuli nyanja ya Chia, imene imalandira madzi a mitsinje ya Lifuliza ndi Likoa, niwapereka ku nyanja ya Malawi podzera pa mpata umodzi. Kuchokera pamenepa kukafika pa boma la Nkhotakota ndi makilomita oposa 20.

Masiku ano si onse oima pa Chia amene amapitiriza ulendo tsiku lomwelo. Amalonda a nsomba amagona kudikira ngalawa za m'mamawa. M'nyengo yokolola kumadza ogula mpunga. Kumadzanso ongofuna kuona mbalame za m'bango, ndi ena opita ku nkhalango ya Nkhotakota, imene yatchuka chiyambire 2015 pamene bungwe la African Parks lidayamba kuiyang'anira, makamaka zitasamutsidwirako njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017. Poona izi, anthu ena amanga zipinda zitatu kapena zinayi kuseri kwa nyumba zawo. Enanso ogwira ntchito m'tauni amanga nyumba m'mbali mwa nyanja, namazibwereketsa kwa masiku awiri kapena atatu, alendowo nkumawapeza pa foni kudzera pa WhatsApp, Facebook kapena Airbnb.

Ichi nchitukuko, ndipo ife a zaumoyo sititsutsana nacho. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Woitana alendo waitananso ludzu lawo, njala yawo, zonyansa za m'thupi mwawo, ndiponso matenda amene anyamula osadziwa. Nchifukwa chake boma lidaika malamulo pa ntchito imeneyi. Tiyeni tiwaone, pakuti akhudza mwini nyumba, wantchito wake, mnansi wake, ndi inu nomwe amene tsiku lina mudzafuna pogona mutaperekeza wodwala ku chipatala cha kutali.

MLENDO WA PACHIBALE NDI MLENDO WOLIPIRA

Alamu anu akabwera kumaliro nagona pa mphasa pabalaza, palibe wokufunsani chiphaso. Munthu amene mwampatsa nyumba ya lendi, nalipira pa mwezi, naphika yekha ndi kusesa yekha, nayenso ndi nkhani ina. Koma mukayamba kulandira anthu osawadziwa, lero uyu mawa uyo, nkumawalipiritsa pa usiku uliwonse, mwatsegula bizinesi yogoneka alendo. Dzina limene mwalemba pa chikwangwani silisintha kanthu, kaya ndi resitihausi, kaya ndi loji, kaya simunalembe dzina nkomwe. Ena amati, "Ine ndiribe hotela, ndingobwereketsa nyumba yanga Loweruka ndi Lamulungu." Tizirombo ta kolera sitiwerenga chikwangwani. Bedi limene pagona anthu khumi osiyanasiyana pa mwezi umodzi laleka kukhala bedi la pabanja, ndipo ukhondo wake wasanduka nkhani ya mudzi wonse.

ZITSEKO ZOYENERA KUGOGODA

Anthu ambiri amayambira kumapeto. Amamanga, napaka penti, nagula matiresi, kenaka nkumafunsa za chiphaso alendo atayamba kale kugona. Poyambira penipeni ndi pa malo. Malo ambiri ozungulira Chia ndi a makolo, ndipo lamulo la Customary Land Act la 2016 lidaika njira yolembetsera malo otere. Kakalata ka anyakwawa kolembedwa pa tsamba la kope nkabwino, koma pa bizinesi sikakwana. Kaonaneni ndi mkulu woona za malo ku khonsolo ya Nkhotakota.

Kenaka pulani. Lamulo la Physical Planning Act, la chaka chomwecho cha 2016, lidafikitsa udindo wopempha chilolezo chomangira m'dziko lonse, osati m'matauni mokha monga kale. Pulani ya nyumba yogona alendo ipite ku khonsolo njerwa yoyamba isanayalidwe. Ife oyendera zaukhondo timaiona nawo: mazenera ali pati, chimbudzi chiri pati, chitsime chiri pati, madzi a m'bafa adzapita kuti. Kusuntha chimbudzi pa pepala kumangofuna chofufutira, koma kuchisuntha chitamangidwa kale kumafuna matumba a simenti.

Pa Chia pali chinanso chimene anzathu a kumtunda sachiganizira. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika, ndipo Chia imakwera nayo limodzi. Mu 1980 madzi adafika pa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere. Pambuyo pake adatsika kwa zaka zambiri, anthu naiwala, namanga pa mchenga pamene kale pankayenda mabwato. Mu 2024 madzi adabwerera napitirira mamita 476, ndipo nyumba zambiri zogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi kuno ku Nkhotakota zidalowa madzi. Bungwe la National Water Resources Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013, limaletsa kumanga kunsi kwa mzere wa mamita 477. Mwini nyumba amalirira khonde lake lomira. Ife timalirira chimbudzi chomira, pakuti zonse za m'dzenjemo zimasefukira m'madzi amene ana akusambamo ndi amayi akutsukiramo mbale. Madala a m'mudzi amakumbukira pamene madzi a 1980 adalekeza. Afunseni musanakumbe maziko. Amene afuna kumanga loji yaikulu m'mbali mwa madzi afunsenso ku bungwe la Malawi Environment Protection Authority, popeza lamulo la chilengedwe la 2017 lifuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe zisanayambe.

Za bizinesi tingozidutsa mwachidule. Dzina la bizinesi lilembetsedwe ku boma, nambala ya msonkho itengedwe ku MRA, ndipo chiphaso cha bizinesi chitengedwe monga linenera lamulo la Business Licensing Act la 2012. Khonsolo iri ndi mphamvu, pansi pa lamulo la Local Government Act la 1998, yopanga malamulo akeake a m'boma lake, kotero kuti zimene mnzanu adachita ku Salima kapena ku Nkhata Bay sindizo ziti zikutsogolereni kuno. Pamwamba pa izi pali chiphaso cha malo ogona alendo. Kwa zaka zoposa 50 chinkaperekedwa pansi pa lamulo la Tourism and Hotels Act la 1968, ndipo mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la zokopa alendo lokhazikitsa bungwe la Malawi Tourism Authority. Wogulitsanso mowa afunika chiphaso china chapadera, cha lamulo la Liquor Act la 1979. Chiphaso cha golosale sichiloleza kugoneka anthu, ndipo cha bala sichiloleza zipinda za kuseri.

Mitengo ya ziphasozi imasintha, choncho mukafunse ku ofesi. Chimene sichisintha ndi ichi: ndalama ilipidwe ku ofesi ndipo mulandire lisiti. Munthu aliyense wobwera pakhomo panu nanena kuti mumpatse kangachepe kuti atsinzine, ameneyo wakugulitsani mtendere wa tsiku limodzi, nakusiyirani chimbudzi chomwe chija.

LAMULO LIMENE IFE TIMAYENDA NALO

Lamulo lakale kuposa onsewa ndi la Public Health Act la 1948. Limeneli limapatsa woyendera zaukhondo mphamvu yolowa pa malo ndi kuona mmene aliri. Limaletsa munthu kusunga pa malo ake chirichonse chovulaza thanzi la anzake: chimbudzi chodzaza, madzi oima oswanitsa udzudzu, mulu wa zinyalala woitana ntchentche ndi makoswe, chipinda chopanda mpweya kapena chothithikana anthu. Tikapeza zotere sitithamangira kutseka. Timalemba kalata yonena chokonza ndi masiku okonzera. Wonyozera kalatayo ndiye amakaonekera ku khoti.

M'lamulo lomweli muli mfundo ziwiri zimene eni nyumba za alendo ambiri sazidziwa. Yoyamba njakuti nthenda yopatsirana yoopsa ikagwa m'nyumba, a zaumoyo auzidwe msanga. Yachiwiri njakuti ndi mlandu kugonekamo munthu wina m'chipinda mmene munali wodwala nthenda yopatsirana, chipindacho ndi zofunda zake zisanayeretsedwe mokhutiritsa a zaumoyo. Mfundo zimenezi zidalembedwa agogo athu ali anyamata, koma kufunika kwake tidakuona ndi maso athu posachedwapa.

Kolera idalowa m'Malawi koyamba mu 1973, ndipo ntchito ya alangizi a zaumoyo amene mumawaona m'midzi lero idakula kuchokera pa anthu amene boma lidawalemba nthawi imeneyo kuti athandize kulimbana nayo. Mliri woopsa kuposa yonse udayamba mu Marichi 2022 ku Machinga. Udafika m'maboma onse a dziko lino, nudwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Chodabwitsa chinali chakuti m'maboma a m'mphepete mwa nyanja udafalikira m'chirimwe, mvula isanagwe. Kumene anthu asonkhana pa doko, nadya pamodzi, namwa madzi a m'nyanja, zimbudzi ziri zochepa, kolera sidikira dzinja.

Tsono taonani chifukwa chake nyumba ya alendo iri pakati penipeni pa nkhaniyi. Munthu akameza tizirombo ta kolera, papita maola 12 kapena masiku ofika 5 asanayambe kutsegula m'mimba. Wamalonda angathe kunyamuka kwawo ali bwinobwino nadzagwa m'chipinda chanu usiku. Choposa apo, ambiri otenga tiziromboti sadwala nkomwe, koma amatitulutsa m'chimbudzi kwa masiku angapo. Simungawadziwe pa nkhope. Chokutetezani ndi chimbudzi chabwino, madzi otetezedwa ndi sopo, pa mlendo aliyense, tsiku lirilonse.

Mlendo akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi, onga otsukira mpunga, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ayambe kumwa nthawi yomweyo, ndipo athamangitsidwe ku chipatala akumwabe m'njira. Nthenda imeneyi imapha pa maola ochepa chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Uzani alangizi a zaumoyo. Iwo adzakusungunulirani kolorini wa mphamvu zitatu: wa 2 peresenti wothira pa masanzi ndi chimbudzi, wa 0.2 peresenti wa pansi ndi zofunda, ndi wa 0.05 peresenti wosamba m'manja. Zofunda za wodwalayo zisatsikire ku nyanja kukachapidwa. Ndidziwa chimene chimabwera m'mtima mwa mwini nyumba nthawi yotere: "Anthu akamva, bizinesi yanga yatha." Ndipo ena amamtulutsa mlendo mwakachetechete m'bandakucha, natuma mtsikana wantchito kukachapa mashiti pa doko. Woyamba kudwala pambuyo pake amakhala mtsikana yemweyo, kenaka ana ake.

CHIMBUDZI NDI MADZI

Tikafika pa malo, ambiri amatitsogolera ku chipinda chokongola kuposa zonse. Ife timapempha kuyambira kuseri. Chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, ndipo chikhale chakumunsi kwake. Pansi pa dzenje pakhale mamita osachepera 1.5 pamwamba pa madzi a m'nthaka. Apa ndiye pali vuto la Chia, pakuti m'malo ambiri madzi ali pafupi, ndipo dothi ndi la mchenga. Dzenje lokumbidwa mu Okutobala lingaoneke louma, koma mu Marichi mupeza ladzaza madzi, kapena lagumuka ndi silabu yomwe. Pa malo otere dzenje likhale lozungulira, lomangidwa ndi njerwa m'kati, ndipo chimbudzi chikwezedwe pa chiunda m'malo mokumba mozama. Pabowo pakhale chivindikiro. Pakhomo pakhale mpondagiya ndi sopo. Amayi akhale ndi chawo, abambo chawo.

Pali kanthu kena kochepa kamene ndimakafunsa kulikonse: nyale ya panjira ya ku chimbudzi. Mlendo sadziwa malo anu. Ngati kunja kuli mdima wa ndiweyani, ndipo wamva kuti kuno kumayenda mvuu usiku, sadzafika ku chimbudzi ngakhale chikhale cha matailosi. Adzadzithandiza kuseri kwa chipinda. Kanyale ka sola kamodzi kamathetsa zimenezi.

Amene aika zimbudzi zogejemula akhale ndi thanki yotsekedwa bwino pamodzi ndi dzenje lomwetsera madzi ake m'nthaka, kutali ndi chitsime ndi nyanja. Paipi yotulutsira zonyansa m'bango ndi mlandu, ngakhale ibisidwe mozama chotani.

Madzi akumwa achokere pa mjigo kapena pa mpopi, ndipo athiridwe mankhwala: chivindikiro chimodzi cha WaterGuard pa ndowa ya malita 20, nkudikira mphindi 30. Asungidwe m'ndowa yovindikira ya kampopi, osati mu mtsuko umene aliyense amaviikamo kapu ndi zala zake zomwe.

LIKODZO: CHIMENE MLENDO SAUZIDWA

Ife a kunyanja tidalizolowera likodzo kotero kuti ena amayesa mnyamata wokodza magazi ndiye kuti wakula. Si kukula kumeneko, ndi nthenda. Wodwala akakodza m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, tiana take nitilowa mu nkhono za m'madzi. Patapita milungu 4 kufikira 6, nkhonoyo imayamba kutulutsa tizirombo tosaoneka ndi maso timene timaboola khungu la munthu wosamba, wochapa kapena wowoloka. Nkhono zimenezi zimakonda madzi odekha, osaya, a bango ndi udzu. Amene adziwa nyanja ya Chia aona yekha kuti ndafotokoza magombe ake. Likodzo losachiritsidwa limawononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo kwa amayi limabweretsa zilonda m'njira ya chiberekero, zimene nthawi zina zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana.

Kale alendo ochokera kunja ankauzidwa kuti m'nyanja ya Malawi mulibe likodzo. Mu 1992 anthu awiri a ku America a bungwe la Peace Corps adadwala kwambiri atasamba ku Cape Maclear, nyongolotsi zitafika mu ubongo ndi mu msana. Kafukufuku amene adatsatira, wofalitsidwa mu 1996, adapeza kuti mwa alendo okhala m'dziko muno amene adayezedwa, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse adali atatengapo nthendayi. Mbiri imeneyi idafika kutali, ndipo mpaka lero alendo amafunsa. Mwini nyumba wonena kuti "kuno kulibe" pofuna kusangalatsa mlendo achita chinthu choipa kwambiri. Nenani zoona: m'bango asasambemo, ndipo amene wakhudza madzi a m'nyanja akaonane ndi dokotala patapita miyezi iwiri. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawidwa m'sukulu.

Madzi a m'bafa nawonso. Ngati mumatunga ku nyanja, mwabweretsa likodzo m'ndowa. Tiziromboti sitikhala moyo kupitirira masiku awiri kunja kwa nkhono ndi munthu, choncho madzi osamba akhale m'diramu masiku 2 athunthu asanagwiritsidwe ntchito, kapena atenthetsedwe pa moto mpaka atatentha ndithu, nkuwasiya azizire okha, osawasakaniza ndi ena ongotungidwa kumene. Madiramu awiri osinthanasinthana akwanira. Awa ndi malangizo a pakhomo panu pomwe, osati a alendo okha.

M'CHIPINDA

Muyeso umene timagwiritsa ntchito ngwakuti mazenera akhale gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pa chipinda, ndipo theka lake lizitseguka. Zipinda zambiri za kuseri kwa mabala ziri ndi kabowo kamodzi kotsekedwa ndi katoni. M'menemo chifuwa chachikulu chimapatsirana mosavuta. Ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, mlendo wozizidwa akalowetsa mbaula ya makala natseka chitseko, mpweya woipa wa makalawo, umene sununkha ndipo suoneka, umamgoneka tulo tosadzuka nato. Mbaula isalowe m'chipinda chogona, ndipo lamulo limeneli lilembedwe pa chitseko. Pakhalenso chozimitsira moto kapena ndowa za mchenga, ndipo chipata cha mpanda chisakhomedwe ndi loko mlonda napita ndi kiyi.

Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma a malungo ochuluka, ndipo mu 2007 ntchito yopopera mankhwala a udzudzu m'nyumba idayambira kuno. Bedi lirilonse likhale ndi neti yosang'ambika, yofika pansi pa matiresi mbali zonse. Tikapeza neti yomangidwa mfundo kudenga, yakuda ndi fumbi, timadziwa kuti idapachikidwa chifukwa cha ife, osati chifukwa cha udzudzu. Za maneti amene amathera pa thandala la usipa ndi m'madimba tidzakambirana tsiku lina.

Mashiti ndi zovala za mapilo zisinthidwe mlendo aliyense akachoka, zichapidwe ndi sopo, ziume padzuwa ndi kusitidwa. Mphere ndi nsabwe zimayenda m'zofunda. Nsikidzi sizibisika kwa wodziwa kuzifuna: tembenuzani matiresi, yang'anani m'misoko ndi m'ming'alu ya bedi, mudzaona timadontho takuda. Tulutsani zonse padzuwa, thirani madzi owira m'ming'alu ya bedi, matani ming'alu ya khoma. Koma musapopere m'chipinda mankhwala a thonje, a fodya kapena a mbewu za kudimba. Amenewo adapangidwira kumunda, ndipo m'chipinda chotseka angathe kupha mwana.

KUKHITCHINI

Wophika ndi woperekera chakudya ayezedwe ku chipatala miyezi 6 iriyonse, ndipo zikalata zawo zisungidwe pa malopo. Chifukwa chake nchakuti munthu angachire tayifodi koma nkumatulutsabe tizirombo take kwa miyezi kapena zaka, iye osamva kanthu. Wophika amene akutsegula m'mimba kapena ali ndi chironda pa chala apume, ndipo bwana wanzeru samdula malipiro a masiku amenewo, pakuti akamdula, ulendo wina adzabisa.

Nsomba yaiwisi isakhudzane ndi chakudya chopsa, mpeni ndi thabwa lake zikhale zapadera. Mpunga wotsala usiku, umene wagona mu mphika pa kutentha kwa kunyanja kuno, umasanzitsa ngakhale muutenthetsenso. Phikani wokwanira. Ndipo popeza alendo ambiri amafuna kulawa kondowole, ufa wake ukhale wa chinangwa chovikidwa mokwanira mpaka chitafewa, chouma bwino, pakuti chinangwa chowawa chovuulidwa msanga chimakhala chikadali ndi poizoni wake. Mbale ziume pa thandala. Matumbo ndi mamba a nsomba zipite kudzenje ndi kukwiriridwa tsiku lomwelo.

BUKU LA ALENDO

Nyumba iriyonse yogona alendo ikhale ndi buku lolembamo dzina la mlendo, kumene wachokera, kumene akupita, nambala ya foni ndi tsiku. Ambiri amaliyesa buku la apolisi okha. Kwa ife ndi chida cha chipatala. Wina akapezeka ndi nthenda yopatsirana, ndi buku limeneli limatiuza amene adagona naye pafupi ndi kumene tingawapeze asanakafikitse nthendayo kwa mabanja awo. Buku lolembedwa "Bambo Phiri, Lilongwe" tsamba lonse silithandiza munthu.

Pali nkhani ina yowawa imene sitingailumphe. Malamulo aakulu a dziko lino, monga adakonzedwera mu 2017, anena kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana. Pa madoko, pamene ndalama ya nsomba imayenda m'manja madzulo, pamakhala akuluakulu ena olowa m'zipinda ndi atsikana a sukulu. Mwini nyumba kapena wolandira alendo amene apereka kiyi, nayang'ana kumbali, walowa nawo mu mlanduwo, ndipo malamulo oteteza ana, pamodzi ndi lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015, ali ndi zilango zowawa. Kanani, ndipo dziwitsani apolisi kapena ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Kwa akuluakulu okhaokha, makondomu akhale pamalo poti munthu atenge popanda kupempha. Ku chipatala amaperekedwa ulere.

Alendo ena adzafuna kukwera bwato kukaona mbalame. Ngalawa yonyamula anthu molipiritsa iri ndi malamulo ake, pansi pa Inland Waters Shipping Act ya 1995, ndipo oyang'anira ake ndi a dipatimenti ya Marine. Musamtumize mlendo pa bwato lopanda majekete oyandamitsa, kapena mwera utayamba. Muuzeninso za ng'ona ndi mvuu, pakuti wa ku tauni amayesa madzi odekha ndiwo abwino. Ndipo mlendo wochokera ku nkhalango ya Nkhotakota akatentha thupi, pokayezetsa malungo anenenso ngati adalumidwa ndi kashembe, chifukwa kaodzera wa kuno amayamba ngati malungo ndipo amakula msanga.

KWA INU OGONA NDI INU OYANDIKANA NAZO

Mukafika pa nyumba ya alendo, muli ndi ufulu woona chipinda ndi chimbudzi musanalipire. Yang'anani pa khoma la polandirira alendo ngati ziphaso zapachikidwa, ndipo werengani chaka chake, pakuti zimatha mphamvu ndipo zimakonzedwanso chaka ndi chaka. Tembenuzani pilo. Tambasulani neti. Funsani kumene madzi akumwa achokera. Ngati muli ndi mwana wamng'ono kapena mayi woyembekezera, chipinda chopanda neti chisiyeni ngakhale chitsike mtengo.

Inu oyandikana nayo nyumba yotere, ngati madzi a m'bafa akuyenderera pa bwalo lanu, kapena chimbudzi chakumbidwa pafupi ndi chitsime cha mudzi, yambani mwalankhula ndi mwini wake, pakuti ambiri amalakwa chifukwa chosadziwa. Zikakanika, uzani komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi alangizi a zaumoyo a dera lanu. Iwo adzafikitsa nkhaniyo kwa woyendera zaukhondo wa pa chipatala chanu chaching'ono, ndipo ikakula idzapita ku ofesi ya zaukhondo pa chipatala chachikulu cha Nkhotakota.

Kwa amene ali kale ndi zipinda koma alibe ziphaso, njira njotseguka. Bwerani nokha tisanakupezeni, ndipo tidzayendera malowo pamodzi ndi kulemba zoyenera kukonza, kuyambira zoopsa kwambiri. Nthawi yabwino yokonza zimbudzi ndi ngalande ndi Seputembala ndi Okutobala, nthaka iri youma. Koma malo okumbapo dzenje latsopano asankhidwe m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, pamene nyanja yafika pachimake, ndipo mukhomepo chikhomo pamene madzi alekeza. Pobwera ku ofesi mutenge chitupa chanu cha unzika, zikalata za malo, pulani ya nyumba ngati iripo, ndi zikalata za ku chipatala za antchito anu onse ogwira chakudya.